Kodi mufilimu ya William Kamkwamba, amene anasinthadi ndani?

Nabanda: Madzulo abwino nonse. Loweruka ndinakhala pansi ndi ana kuonera The Boy Who Harnessed the Wind, ija ya 2019 ya mnyamata wa ku Wimbe. Ine kanali kachitatu, iwo koyamba. Itafika paja bambo akuphwanya kamakina ka mphepo n'kumuuza William kuti atenge khasu, mwana wanga wa sitandade 7 anadzuka n'kunena kuti bambo ameneyu ndi mfiti. Ndinayamba kuseka, koma kenaka zinandikhudza. Bambo anga anali otero ndendende, ndipo sanali mfiti. Ndiye ndati ndifunse muno: inu munamuona bwanji Trywell, bambo ake a William? Chifukwa ine ndikamaonera mobwereza ndikuona ngati filimu yonseyi ndi ya bamboyo, mwana uja wangobwereka dzina.

Mavuto wa ku Joni: Alongo mwayambanso kkkk. Mwini filimu ndi William basi, dzina lili pachikuto ndi lake.

Nabanda: Achimwene, dzina ndi lake inde. Koma tandiuzani, William wa koyambirira ndi William wa kumapeto akusiyana pati? Akuyamba ali wanzeru, akukonza mawailesi a anthu, akutolera mawaya kudzala. Akumaliza ali wanzeru yemweyo. Wangopeza dayinamo ndi njinga. Maganizo ake ndi omwe aja.

Aphunzitsi a Mwale: Nabanda wagunda pamene timavutika napo m'kalasi. Tikamaphunzitsa za atengambali timati alipo ena amene nkhani imawatembenuza, alipo ena amene amatembenuza anzawo iwo osasuntha. William ali m'gulu lachiwirili, ndipo si cholakwa. Koma pampondachimera pa filimu ija si pamene madzi akutuluka m'paipi ayi. Ndi pamene bambo akukankha njinga yake kubwera nayo kwa mwana kuti aidule. Madzi aja ndi malipiro chabe, nkhondo inali itatha kale.

aChisale: Ana inu mundilole ndilankhule ngati munthu amene anakhalapo ndi njinga imodzi pakhomo. Inu a masiku ano mukaona njinga mumaona chitsulo. Pamudzi njinga ndi ambulansi, ndi lole yopita kuchigayo, ndi imene ukakwere kukasaka ganyu mtunda wa makilomita makumi awiri. Chaka cha njala, nkhokwe ili mbee, mwana amene wathamangitsidwa kusukulu chifukwa cha fizi akubwera kudzati bambo ndipatseni njinga ndiicheke ndi sowo, ndinaona chithunzi m'buku. Ndani wa inu akanapereka? Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ndiye apa mwanayo akunenadi poyera kuti akufuna kuipereka kwa mphepo yeniyeniyo. Trywell sanali woipa. Anali ndi mantha, ndiponso manyazi, pakuti munda unali utapita kwa mwana wa mkulu wake, mitengo itagulitsidwa kwa a esiteti ya fodya, ndipo tsiku limene anthu anadzakokolola chakudya m'nyumba mwake iye kunalibe, anali atapita ku zandale. Mwamuna amene zamuchitikira zotere amagwira zolimba kanthu kamodzi kamene katsala.

Make Tadala: Ankolo a Chisale mwanena zoona koma mwasiya munthu mmodzi. Bambo uja sanasinthe yekha. Anamusintha ndi mkazi wake. Agnes ndi amene anamukhazika pansi n'kumuwerengera zonse zimene wataya chifukwa chomutsatira, mpaka mwana wamkazi amene anathawa ndi mphunzitsi. Popanda mawu amenewo njinga ija ikanakhalabe yotsamira kukhoma. Amuna mumakonda kuiwala mbali imeneyi.

aChisale: Sindinaiwale mayi, ndimasungira inu.

Mavuto wa ku Joni: Koma abale Chichewa chake chija. Ine ndinachita kuwerenga mawu a Chingerezi a m'munsi kuti ndimve chiyankhulo changa chomwe kkkkk

Tiya ku Leeds: Mavuto usatibwezere kumeneko, tinakangana kale mu 2019 mpaka ena anatuluka m'gulu. Chiwetel Ejiofor anabadwira ku London makolo ake ndi a ku Nigeria, mnyamata Maxwell Simba ndi wa ku Kenya, Aïssa Maïga anabadwira ku Senegal. Unkayembekeza kuti alankhule ngati a ku Mtunthama? Ukafuna Chichewa chomveka mvetsera Lily Banda, uja anasewera Annie, mlongo wake wa William.

Nabanda: Eya, za kalankhulidwe tizisiye. Tibwerere kwa bambo.

Chikondi K: Ine kwathu ndi ku Kasungu konko ndipo buku lake, limene William analemba ndi Bryan Mealer mu 2009, ndinaliwerenga filimu isanatuluke. Pali zinthu zimene anasintha zimene zikukhudza funso lanu mayi Nabanda. Choyamba, makina oyamba a William, amene anamanga cha m'ma 2002 ali ndi zaka 14, sanali opopa madzi. Anali a magetsi, anayatsa babu, kenaka mababu angapo ndi wailesi kunyumba kwawo ku Masitala. Njala inali itadutsa kale. Zopopa madzi zinabwera pambuyo, atapita kale kukalankhula ku msonkhano wa TED ku Arusha mu 2007 anthu n'kuyamba kumuthandiza. Ndiye zoti makinawo anapulumutsa mudzi pakati pa njala ndi za filimu. Chachiwiri, njinga ya m'buku inali yowonongeka kale, inkangokhala. Bambo anakanakana ndithu koma sinali nkhondo yoopsa ngati ija. Chachitatu ndi galu, Khamba. Mufilimu William akumupeza atafa ndi njala. M'buku William mwiniyo anamutengera kutchire, n'kumumangirira kumtengo, n'kumusiya kuti afere komweko chifukwa panalibe choti amupatse. Ine pamenepo ndinatseka buku ndinakayamba ndazungulira panja.

Tiya ku Leeds: Ayi zoona? Sindimadziwa zimenezo.

Chikondi K: Zoona. Ndipo kwa ine apo ndi pamene William weniweni anasinthira, kuchoka pa mwana kufika pa munthu amene wachita chinthu chimene sadzachiiwala. A filimu anamuchotsera katundu ameneyo kuti akhale woyera, katundu yense n'kumusenzetsa bambo. Nchifukwa chake mukuona ngati mwanayo sakusintha.

Aphunzitsi a Mwale: Sanamuyeretse kwathunthu. Kumbukirani mmene analowera mu laibulale. Anaopseza mphunzitsi wake kuti akapanda kumuthandiza aulula za chibwenzi chake ndi Annie. Tinene mosabisa, kumeneko n'kugwira munthu pakhosi. Ine monga mphunzitsi pamenepo ndinakhala movutika pampando, ndipo filimuyo sikumudzudzula mpang'ono pomwe. Ana a fomu 2 atandifunsa kuti kodi anachita bwino, ndinawabwezera funso lomwelo chifukwa yankho loti n'kulemba pa bolodi ndinalibe.

Mkulu wa mpingo Kalua: Apa ndiye mwafika pamene ine ndimadandaula napo. Mafilimu a masiku ano saonetsa poyera kuti tchimo lili ndi malipiro. Mwana waopseza mphunzitsi, zamuyendera. Mtsikana wathawa ndi mwamuna usiku, palibe chomuchitikira. Kale tikamaonera a ku Nigeria zinali zomveka. Living in Bondage ya 1992, Andy wapereka mkazi wake Merit kuti alemere, chuma chabwera, mzimu wa mkaziyo wamuzunza mpaka wapenga, akudya za m'dzala, kenaka apulumutsidwa ndi pemphero. Mwana akaonera amadziwa kuti ndalama za magazi mapeto ake ndi otani. Simufunika digiri kuti mumve phunziro.

Mavuto wa ku Joni: Akulu a mpingo, ndiye bwanji tinaonera mafilimu amenewo zaka makumi awiri koma nkhani za zizimba sizinathe? kkk

Mkulu wa mpingo Kalua: Ulaliki umalalikidwa sabata iliyonse koma anthu akuchimwabe. Sindiye kuti tisiye kulalika, mwana wanga.

aChisale: Abale anga a Kalua, ine ndinayendetsapo vidiyo sho zaka zisanu ndi chimodzi, kuyambira nthawi ya matepi mpaka ma CD atafika. Chisakasa cha mapepala akuda, mabenchi a masilabu, sipika panja kuti odutsa amve mfuti. Ndiye ndinkaona nkhope za anthu. Mafilimu a ku Nigeria amene mukunenawo, anthu ankakonda gawo loyamba ndi lapakati, pamene munthu akugula magalimoto, akumwaza ndalama, apongozi ankhanza aja a Patience Ozokwor akuthira mankhwala m'chakudya. Ikangofika mphindi zisanu zomaliza, abusa alowa ndi Baibulo, woipa uja wagwada akulira akuulula, anthu ankayamba kudzuka kukaimirira pakhomo kudikira filimu ina. Anyamata ankatuluka akutsanzira mayendedwe a wolemera uja, palibe ankatsanzira kulapa kwake. Chifukwa chake n'choti kulapako kunkagwa ngati mvula ya m'chilimwe, osaona mitambo. Munthu wakhala njoka maola atatu, mwadzidzidzi ndi nkhunda. Mtima wa woonera sukhulupirira.

Mkulu wa mpingo Kalua: Koma Saulo anasintha tsiku limodzi panjira ya ku Damasiko.

aChisale: Anakhala masiku atatu wosaona, osadya osamwa, ndipo abale ku Yerusalemu anayamba amuopa kaye. Ngakhale Baibulo linamupatsa nthawi.

Make Tadala: Ankolo lero mwadya chiyani kkkkk

Nabanda: Ndi zimene ndimafuna kunena koma mawu amandisowa. Trywell timamukhulupirira chifukwa tamuona akutsika sitepe imodzi imodzi. Tamuona akukana kugulitsa mitengo, akulimbikira kulima dothi louma ngati wamisala, akudzimana chakudya kuti ana adye pamene banja lafika podya kamodzi patsiku. Ndiye pamene akupereka njinga tikudziwa mtengo wake. Akupereka ukulu wake, akuvomera pamaso pa mudzi kuti mwana akudziwa chimene iye sadziwa. Kwa bambo wa Chichewa chimenecho n'chowawa kuposa njala.

Mavuto wa ku Joni: Chabwino ndagonja pang'ono. Koma ngati mukufuna munthu wosintha zenizeni onerani Tsotsi ya kuno, ya 2005, ija inapata Oscar mu 2006. Mnyamata wachifwamba waombera mayi, wathawa ndi galimoto, akupeza kumbuyo kuli khanda. Sakusanduka mngelo tsiku lomwelo ayi. Akuliika khandalo m'chikwama cha pepala, akulipatsa mkaka wa m'chitini mpaka nyerere zilizinga kukamwa, akukaloza mfuti mayi wina kuti aliyamwitse. Akuchita zabwino koma mwauchifwamba, chifukwa njira ina saidziwa. Pang'onopang'ono ndi pamene tikumva kuti dzina lake ndi David, kuti anathawa kwawo bambo ake atathyola msana wa galu wake ndi chidendene, n'kumakagona m'mapaipi. Pomaliza akubweza mwana yekha, apolisi amuzungulira, wakweza manja. Palibe amene akumuuza kuti wakhululukidwa. Ine ndimakhala kufupi ndi malo ngati amenewo, anyamata otere ndimakwera nawo sitima, ndiye filimu ija inandigwira pena pake.

Tiya ku Leeds: Galu wabweranso. Zikuoneka kuti olemba mafilimu akafuna kutithyola mtima amapha galu.

Chikondi K: Presley Chweneyagae uja anasewera Tsotsi anamwalira mu 2025, mzimu wake uuse mumtendere.

Mkulu wa mpingo Kalua: Ndinaionera imeneyo. Koma mayi amene anamuombera uja anakhala wolumala moyo wake wonse. Ife tikuombera m'manja chigawenga chifukwa chabweza chimene chinaba? Apa ndi pamene ndimati mafilimu amenewa amatisokoneza, amatichititsa kumvera chisoni wolakwa kuposa wolakwiridwa.

Aphunzitsi a Mwale: Funso limenelo ndi lolemera a Kalua, sindilipeputsa. Kamera ikakhala pa munthu mmodzi maola awiri timayamba kumukonda, kaya ndi wotani. Ndi mphamvu yoopsa. Nchifukwa chake anyamata ambiri anatuluka mu Black Panther ya 2018 akunena kuti Killmonger, mdani wa mfumu T'Challa, ankanena zoona, kuiwala kuti anaombera chibwenzi chake chomwe osaphethira. Koma onaninso kuti mufilimu imeneyo amene anasintha ndi T'Challa. Anayamba akuteteza mwambo wa makolo wobisa dziko lawo, anamaliza atawauza makolo akewo kuti analakwa posiya mwana wa m'bale wawo ku Oakland. Mdani wake ndi amene anamuphunzitsa. Filimu ya woipa wakuda bii ndi wabwino woyera mbee singathe kuchita zimenezo.

Make Tadala: Ine ndikufuna nditchule Neria ya ku Zimbabwe, chifukwa zimene zili mmenemo zinandichitikira. Amuna anga atamwalira, maliro asanathe n'komwe, achimwene awo anali atayamba kale kuwerenga mipando ndi maso. Tsiku lachitatu anabwera ndi kagalimoto kobwereka, ananyamula firiji, makina anga osokera amene ndinagula ndekha ndi ndalama za banki m'khonde, mpaka mapoto. Tadala anali ndi zaka zinayi, anagwira mwendo wa tebulo akulira. Nditaonera Neria patapita zaka, Phineas uja, mlamu wake wa Neria wolanda katundu, sanandidabwitse, ndinali nditamuona kale pakhomo panga. Amene anandiliza ndi apongozi ake a Neria. Mayi uja akuyamba osamukonda mkamwana wa m'tauni, akuona ngati ndi amene anamulanda mwana. Koma akuona yekha ndi maso ake mmene Phineas akupotozera mwambo kuti adyerepo, ndipo akutembenuka n'kuima ndi mkamwana. Apongozi anga sanatembenuke. Ndinkaonera ndikulakalaka akanakhala iwo.

Nabanda: Pepani kwambiri asisi. Sindimadziwa kuti munadutsa m'zimenezi.

Mkulu wa mpingo Kalua: Pepani mayi. Mulungu akhale nanu.

Make Tadala: Zinapita, Tadala pano ali ku koleji. Nthawi imeneyo lamulo lija la 2011 loletsa kulanda chuma cha masiye linali lisanabwere, ndipo ngakhale likanakhalapo sindikudziwa ngati ndikanalimba mtima kukasuma abale a amuna anga. Koma ndikuti, nyimbo ya Oliver Mtukudzi ija ikamalira ndimasiya chilichonse chimene ndikuchita.

aChisale: Mwaona, m'mafilimu onse atatu amene akutikhudza ndi munthu wamkulu kapena wouma mtima amene akugonja mochedwa. Nanga a Rambo ndi a Commando amene ndinkaonetsa ine? Mwini filimu safa, sasintha, zipolopolo sizimuthera. Ana ankalipira kuti aonere katatu patsiku, koma palibe anabwerako n'kudzandiuza kuti ankolo filimu ija yandiganizitsa.

Mavuto wa ku Joni: Inatiganizitsa ankolo, tinkamanga nsanza kumutu n'kumakwawa m'chimanga cha eni kkkk

Tiya ku Leeds: Ine pali chimene chimandivuta ndi filimu ya Kamkwamba, ndipo ndi phunziro limene azungu kuno amatengamo. Anzanga a kuntchito ataionera ankati taonani, ukalimbikira palibe chosatheka. Ine ndinkati ayi. Mwana uja anachotsedwa sukulu chifukwa cha fizi ya madola pafupifupi 80 pachaka. M'chaka chomwecho anthu anafa ndi njala chimanga cha m'nkhokwe za boma chitagulitsidwa, ndipo boma linachedwa kuvomera mpaka February 2002 pamene a Muluzi analengeza kuti kuli tsoka. Filimuyo yokha ikuonetsa mfumu ikumenyedwa chifukwa chonena zoona pamsonkhano wa pulezidenti. Ndiye munthu n'kutulukamo ndi phunziro loti limbikira basi? William anafika ku koleji ya Dartmouth ku America n'kumaliza mu 2014, tikuthokoza. Koma m'kalasi mwake munali ana angati anzeru ngati iye amene palibe mtolankhani anawapeza?

Chikondi K: Ndipo ngakhale iye sanali yekha. Gilbert, mwana wa mfumu, ndi amene ankamugulira zina mwa zipangizo, msuweni wake Geoffrey ankathandiza kumanga. Anthu pamudzi ankamunena kuti wapenga kapena akusuta chamba. Ndinali ndi zaka 9 chaka chimenecho, ndimakumbuka tikudya nsima ya gaga, mayi akugawa ndi supuni kuti pasakhale wodandaula. Paja pamene anthu akukanganirana pamalo ogulitsira chimanga ndinadumphitsa, sindinathe kuonera.

Aphunzitsi a Mwale: Tiya, vuto si filimu yokha, ndi chizolowezi chathu chofuna phunziro la mzere umodzi. Timachita kuwaphunzitsa ana choncho: nthano ikatha, tiphunzirapo chiyani? Kalulu anachenjera, fisi anapusa, basi. Ndiye akakula amafuna filimu iliyonse iwapatse chiganizo chimodzi choti alembe pa status. Chikhala n'chiyani chiganizo chimodzi cha Annie? Anathawa ndi mwamuna, inde, koma anachepetsa pakamwa pamodzi m'nyumba ya njala ndipo anasiyira mlongo wake dayinamo imene inapangitsa zonse kutheka. Mumuika mbali iti?

Mkulu wa mpingo Kalua: Ndimuika kumbali ya ana amene anapweteka mayi awo. Koma ndavomera kuti sindingamuponye mwala.

Nabanda: A Kalua mwafewa kkkk. Nanunso mwasintha pang'onopang'ono ngati Trywell.

Mkulu wa mpingo Kalua: Njinga yanga yokha musaiyandikire.

Nabanda: Ndiye mwana wanga uja ndamufunsanso madzulo ano ngati akuonabe kuti bamboyo ndi mfiti. Wati ayi, koma akanapepesa. Ndamufunsa kuti kubweretsa njinga kuja sikupepesa? Wati kupepesa n'kunena ndi pakamwa. Ndakhala chete, chifukwa agogo ake, bambo anga, tsiku limene anazindikira kuti anandilakwira pondiletsa kupita ku sekondale chaka choyamba, sananene kanthu. Anangobwera kuchokera kumsika ndi sutikesi yachitsulo yobiriwira, n'kuiika pakhomo pa chipinda changa, n'kupita kudimba.

aChisale: Sutikesiyo ilipo?

Nabanda: Ilipo ankolo, ndimasungiramo masatifiketi. Loko wake anathyoka kalekale.

Mavuto wa ku Joni: Loweruka likubwerali tionere Neria tonse ndiye tidzakambirane. Amene ali nayo aponye muno, koma ikhale yomveka mawu, osati ija yojambula pa TV ndi foni.